Zobwereza Sitiwerenga

Khoswe nambala fotini wakhotanso kumanzere.
Kanyali kayaka kumanja,
chiponde chili kumanja,
koma iye, tindevu tili njenjenje,
walowa kumanzere ngati adasiyako mwana.

Ndamunyamula pamimba,
kamtima kake kakugunda pa chala changa,
ndamubwezera poyambira.

Lamulo la Dokotala Makwinja lili pakhoma,
lomata ndi selotepi yoyamba kufuwa:
akalakwa, osasintha kanthu.
Nyali yomweyo, mbali yomweyo, khomo lomwelo,
abwereze mpaka akhoze.
Osamugogodera bokosi.
Osamumana madzi.
Zobwerezazo uzilemba padera, ndi inki yofiira;
pa chiwerengero chachikulu sitiziwerenga.

"Tikapanda kutero," adandiuza tsiku loyamba,
"khoswe amatulukira kuti kumanzere kokhakokha
kumadyetsa theka la maulendo,
ndipo theka limamukwanira.
Saphunziranso nyali. Amaphunzira chizolowezi."

Kachitatu. Kachinayi.
Kunja chiperoni chameza phiri la Soche,
ambulansi ikulira polowera kuchipatala chachikulu,
magetsi azima, jenereta yatsokomola n'kudzuka.
Kachisanu ndi chiwiri
Fotini waima pamphambano,
wanunkhiza mpweya, wakanda khutu,
wayang'ana kumanja nthawi yaitali ndithu,
n'kukhotera kumanzere.

Ndaseka ndekha.
Kenako kusekako kwandiuma pakhosi.

Zione adalakwa kamodzi.
Folomu yachitatu, temu yachiwiri,
yunifolomu itayamba kumuthina m'chiuno.
Sindidamunyamule kumubwezera poyambira.
Ndidaponya chikwama chake pabwalo,
mabuku a sayansi amene ndidamugulira ku Limbe
n'kumwazikira m'matope.
Cholakwacho ndidachilemba ndi inki yakuda
pa chiwerengero chachikulu,
n'kutseka kope.
Zaka zinayi tsopano.
Mayi ake amati ali ku Ndirande, kumtunda kwa msika,
amasoka mayunifolomu a ana a eni,
ndipo kamnyamatako akuti katengera chipumi changa.
Amandiuza izi akuchapa mbale,
atandifulatira.

Kakhumi ndi kamodzi.
Pakutha pa mwezi amandilipira
kuti ndisatope ndi kanyama
kolemera ngati sopo wochapira.
Manja angawa amadziwa kufatsa,
sindikudziwa kuti ndinkawasiya kuti ndikamaweruka.

Kakhumi ndi katatu:
wathamanga, waima,
wakhotera kumanja.
Palibe nthungululu.
Wangonyambita chiponde chake,
n'kupukuta kukamwa ndi timanja tiwiri
ngati sadalakwepo chibadwire.
Ndalemba 13 ndi inki yofiira.
Mawa Dokotala adzaona mzere ukukwera pakompyuta,
adzagwedeza mutu, adzati waphunzira.
Maulendo amene ndamunyamula
sadzaoneka pamzerepo.

Faifi koloko ndavula magolovesi,
ndatsika wapansi mpaka pa Mibawa.
Oitanira akung'amba kukhosi:
Chilomoni iyi! Ndirande iyo, mmodzi yekha tinyamuke!
Madzulo aliwonse pano sipasintha,
nyali yomweyo, mbali yomweyo, khomo lomwelo,
ndipo madzulo aliwonse miyendo yanga
imakwera ya ku Chilomoni osandifunsa,
kumene kuli mpando wanga, wailesi yanga,
theka lija londikwanira.

Sindimudziwa amene amandinyamula usiku
n'kudzandiikanso pano,
kapena mtundu wa inki imene akulembera.
Ndikungodziwa kuti sadatope.

Lero ndaima pamphambano.
Mvula yowaza ikulowa m'kolala.
M'thumba la jekete muli kabotolo ka chiponde
kamene ndagula pagolosale ya pakona,
poti ndidamva kuti ana a zaka zitatu amachikonda m'phala.
Ya ku Chilomoni yadzaza, yapita.
Ina yabwera, yadzaza, yapita.

Kondakitala wa ku Ndirande wagwira chitseko,
phazi limodzi m'kati, lina pansi,
wandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kuimvi:
"Madala, mukukwera,
kapena mukungonunkhiza mpweya?"